Mapiritsi a BP si mchere wobwerekana

Kwathu kuno mchere ukatha timakapempha kwa oyandikana nawo nyumba. Mwambowu ndi wabwino, koma walowa pamalo olakwika. Mapiritsi a BP akawathera amayi, pamapezeka azakhali kapena mnzawo wa kutchalitchi wonena kuti, "Imwani angawa, onsewa ndi a BP." Ine ndikuti chifundo chotere chingaphe munthu.

Taonani gulu limodzi lokha, la ma beta blocker. Onsewa amachedwetsa kugunda kwa mtima, koma safanana. Propranolol, yemwe anapangidwa ndi James Black m'zaka za m'ma 1960, amakhudzanso njira za mpweya m'mapapo, ndipo munthu wa mphumu akamwa akhoza kubanika koopsa. Atenolol amalunjika kwambiri pamtima, koma amatuluka m'thupi kudzera mu impso, choncho wodwala impso amafunika mlingo wochepa. Kwa mayi woyembekezera madokotala amasankha labetalol, chifukwa atenolol angachititse mwana kubadwa wochepa thupi. Amene mtima wawo wafooka amapatsidwa bisoprolol kapena carvedilol. Odwala shuga nawonso asamale, poti mankhwalawa amabisa kugunda kwa mtima komwe kumachenjeza kuti shuga watsika.

Komanso gululi si loyambira kwa aliyense. Mu 2006 dziko la Britain linachotsa ma beta blocker pa mankhwala oyambira a BP chifukwa ena amateteza bwino ku sitiroko. Kwa ife anthu akuda, amlodipine ndi hydrochlorothiazide ndiwo amatsitsa BP bwino kuposa beta blocker payekha.

Wina anganene kuti chipatala chili kutali, ndiye kubwereka n'kwabwino kusiyana n'kungokhala. Nkhawayo ndi yoona, makamaka chifukwa kusiya beta blocker mwadzidzidzi kumathamangitsa mtima ndi kukweza BP. Koma yankho lake ndi kukatenga ena pasadakhale, kudakali sabata yathunthu, osati kumwa a eni ake.

Apa ndi pomwe ife ophunzira tili ndi ntchito. Tikapita kumudzi pa holide, tiwerenge dzina ndi mlingo zolembedwa pakathumba ka mapiritsi a makolo athu, tizilembe, ndipo tiwerenge masiku otsala. Tiwaperekeze kuchipatala ndi buku lawo, tikumbutse dokotala ngati ali ndi mphumu, shuga kapena vuto la impso. Kuchepetsa mchere ndi kuyenda ndawala kumathandiza, koma wosintha kapena kuimitsa mankhwala akhale dokotala yekha.