CHIWERENGERO CHA BOMA CHILOWENSO M'NDENDE

Akulu a Boma akamakamba za mowa ndi chamba amatsamira pa ziwerengero. Ife tifunsa: kodi anthu anawerengedwawo ndi ati?

M'chaka cha 2009 Unduna wa za Umoyo, pamodzi ndi bungwe la WHO, unatuma anthu m'midzi ndi m'matauni kukafunsa amuna ndi akazi a zaka 25 kufikira 64. Anapeza kuti mwa amuna 100 ali onse, 30 amamwa mowa ndipo 26 amasuta fodya; mwa akazi 100, akumwa anali 4 okha. Nchito imeneyi sitikuinyoza ai. Koma kufufuza kotere kumayenda khomo ndi khomo, ndipo wosagona pakhomo salowa m'buku. Mnyamata uja anatema mnzake pamowa, kapena uja anagwidwa ndi thumba la chamba, ali ku Maula, ku Chichiri kapena ku Zomba. Wolemba afika pakhomo pake napeza amai ake okha. Tsono amene bvuto lawagwira pakhosi ndiwo atsala kunja kwa chiwerengero.

Kuti tione kukula kwa mpata umenewu tiyang'ane ku America, kumene Boma limafunsa m'makomo chaka ndi chaka ndiponso linalowa m'ndende kukafunsa akaidi. Bungwe lao la Bureau of Justice Statistics linapeza kuti m'zaka za 2007 kufikira 2009, mwa akaidi 100 a m'ndende zazikulu, 58 anali ogwidwa ndi chizolowezi cha mankhwala ozunguza bongo. Kunja kwa mpanda, mwa akulu 100, otere anali ngati 5 basi. Ziwerengero zao si zathu, koma onani: akadalekera pa makomo okha, akadadzinamiza kotani!

Ngakhale pakhomo pomwepo choonadi chimabvuta kutuluka. Lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhala ndi laisensi, koma kusuta ndi mlandu mpaka lero. Nanga ndani angaulule kwa mlendo wonyamula mapepala a Boma? Ndipo mai wofunsidwa pakhonde, apongozi ali chapafupi kupeta chimanga, angabvomere kuti amalawa kachasu? Za akazi 4 aja, amene tikhala m'midzi muno tingomwetulira. Achinyamata osafika zaka 25, amene masacheti anawasakaza kufikira Boma linawaletsa mu 2015, sanafunsidwe n'komwe m'kufufuza kuja.

Wina anganene kuti izi n'za ophunzira a ku Lilongwe. Iyai, n'zathu. Ndalama za chithandizo zimatsata chiwerengero: bvuto likaoneka laling'ono papepala, chithandizo chake chichepanso. Lero kholo lofuna kupulumutsa mwana wake kawirikawiri liyenera kupeza ya ulendo wautali, monga wa ku chipatala cha amisala ku Zomba kapena ku St John of God ku Mzuzu. Mkaidi akamaliza chilango abwerera kwa ife, kwa mfumu yathu, kumunda kwa amalume ake, ludzu lake liri lomwe lija.

Chifukwa chake nthambi yathu ipempha zinthu izi. Ofesi ya chiwerengero ya ku Zomba ndi akulu a ndende afunse akaidi monga afunsira a pakhomo, popanda kulemba maina ndi popanda msilikali kuimirira pambali. Zopezazo zisindikizidwe m'Chichewa, zifike kwa mafumu ndi m'masukulu. Inunso mamembala, olemba akafika kwanu funsani kalata yao, funsaninso kumene mayankho apita, ndipo mukakhutira yankhani zoona. Kalata yopita kwa phungu wathu idzawerengedwa pa msonkhano ukudzawu. Bwerani mudzaikepo dzina kapena chala.