Ufa wa creatine: kodi anyamata a ku Maravia augule?

Anyamata athu a ku Fingoè, Malowera ndi Chiputo akapita ku Tete kapena kuoloka malire kulowa m'Zambia amamva za ufa woyera wotchedwa creatine, umene onyamula zitsulo amati umakuza minofu. Funso nlakuti: kodi ndalama ya chimanga ipite kumeneko?

Creatine si chinthu chachilendo m'thupi. Chiwindi ndi impso zimapanga pafupifupi galamu 1 pa tsiku, ndipo wina timamupeza m'nyama ndi m'nsomba, ngakhale za ku Cahora Bassa zomwezi. Ufawu unatchuka pambuyo pa masewera a Olimpiki a ku Barcelona mu 1992.

Umathandiza pa mphamvu ya kanthawi kochepa, monga kukweza chitsulo kapena kuthamangira mpira masekondi owerengeka. Wogwira khasu tsiku lonse sapindula nawo kwenikweni. Ndipo kilo imodzi kapena ziwiri zimene munthu amaonjezera sabata yoyamba, abale, ndi madzi chabe.

Mlingo wake ndi magalamu 3 mpaka 5 pa tsiku. Wodwala impso ayambe wafunsa kuchipatala. Choopsa kwambiri ndi ufa wogulitsidwa m'timapepala topanda dzina, poti wina amausakaniza ndi mankhwala a steroid oononga chiwindi.