Kodi Boma Lingathandize Bwanji Makampani Ongoyamba Kumene a Tekinoloje?

Aphunzitsi anzanga, ndikudziwa kuti ena mwa inu mukaona mutuwu munena kuti, "Ife ndife anthu a choko ndi bolodi, nanga za makampani a tekinoloje zikutikhudza pati?" Dekhani kaye. Ana amene ali m'kalasi mwanu lero ndi omwe adzafune ntchito mawa, ndipo ambiri a iwo palibe amene adzawalembe. Adzayenera kudziyambira okha. Funso ndi lakuti, akayamba, boma lidzawathandiza kapena lidzawapinga?

Ine ndimaphunzitsa anthu akuluakulu kulemba ndi kuwerenga ku Southerton, mumzinda wa Harare. Kwathu ku Malawi timati sukulu ya kwacha. Southerton ndi dera la mafakitale, ena a fodya, ena a mowa. Makolo athu anachoka ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique kudzasaka ntchito kuno ku Halale, nakhazikika ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Rugare. Masiku amenewo munthu ankalowa fakitale ali mnyamata n'kutulukamo ali ndi imvi. Lero zidzukulu zawo zimangodutsa pa zipata za mafakitalewo, foni ili m'manja.

M'kalasi mwanga munali mayi wina, msungichuma wa bungwe lothandizana pa maliro. Mayiyu ankavutika kulondoloza amene wasonkha ndi amene sanasonkhe, ndipo mwezi uliwonse pankabuka mkangano. Mdzukulu wawo, mtsikana amene anadziphunzitsa yekha kulemba mapulogalamu a pafoni, anawakonzera kapulogalamu kosunga maina ndi zopereka, kotumizanso uthenga wokumbutsa amene watsalira. Mabungwe ena atamva anakafunanso, ndipo anali okonzeka kulipira. Koma mtsikanayu analibe chitupa, chifukwa cha makolo awo chinali cholembedwa kuti ndi alendo. Popanda chitupa sakanatha kulembetsa kampani kapena kutsegula akaunti kubanki. Magetsi ankayaka pakati pa usiku. Ndalama yochepa imene ankapeza inkathera kugula intaneti. Patapita chaka ananyamuka ulendo wa ku Johannesburg, monga m'mene agogo ake ananyamukira wa ku Halale.

Nkhani imeneyi ndi imene inandipatsa maganizo amene ndikufuna kugawana nanu. Ine ndimaona kuti ntchito yaikulu ya boma si kuyambitsa makampani ayi, kapena kugawa mphoto pa misonkhano ya m'mahotela. Ntchito yake ndi kuchotsa zopinga ndi kuonetsetsa kuti zinthu zoyambira zilipo ndipo sizikusinthasintha. Mlimi sakoka mmera kuti ukule msanga. Iye amagaula, kuthira manyowa ndi kupalira. Tiyeni tione mbali zinayi za ntchito imeneyi.

Choyamba, boma lisatseke khomo. Chitsanzo chili konkuno ku Zimbabwe. M'chaka cha 1993 a Strive Masiyiwa anafuna kuyambitsa kampani ya mafoni a m'manja, koma lamulo linkapereka mphamvu zonse za matelefoni kwa kampani ya boma ya PTC. Iwo anapita kukhoti. Mu 1995 khoti la Supreme linagamula kuti kuphangira kotereku kunkaphwanya ufulu wa anthu wolankhula ndi kulandira uthenga. Ngakhale zinali choncho, laisensi anaipeza kumapeto kwa 1997, ndipo Econet inayamba ntchito mu July 1998. Zaka zisanu zathunthu zinathera pa milandu. Kampani yomweyo ndi imene inabweretsa EcoCash mu 2011, imene amayi a pamsika wa Mbare anayamba kulandirira ndalama pafoni. Taganizirani, ndi achinyamata angati amene ali ndi ndalama zolipira maloya kwa zaka zisanu? Ambiri akakanizidwa kamodzi amangosiya, ndipo dziko silidziwa n'komwe chimene lataya.

Chachiwiri, malamulo ndi ndalama zikhazikike. Munthu woyamba bizinesi amawerengera za mawa. Koma taonani zimene wabizinesi wa ku Harare wakumana nazo. Mu 2009 dziko linasiya ndalama yake n'kuyamba kugwiritsa ntchito madola a ku America ndi ndalama zina zakunja. Mu 2016 kunabwera ma bond note. Mu June 2019 ndalama zakunja zinaletsedwa, mu 2020 zinaloledwanso, ndipo mu April 2024 kunabwera ndalama yatsopano ya ZiG. Mu October 2018 nduna ya zachuma, a Mthuli Ncube, inakhazikitsa msonkho wa masenti awiri pa dola iliyonse yotumizidwa pafoni kapena kudzera kubanki. Mu January 2019, pa nthawi ya zionetsero zokana kukwera mtengo kwa mafuta, intaneti inatsekedwa m'dziko lonse, mpaka khoti la High Court linagamula kuti nduna imene inalamula zimenezo inalibe mphamvu zotero. Mu June 2020 ma ejenti a ndalama za pafoni anaimitsidwa mwadzidzidzi. Tsono ndani angabwereketse mpamba kwa wachinyamata amene bizinesi yake yonse ikhoza kuima ndi chilengezo chimodzi cha pa wailesi? Boma likafuna kusintha lamulo lizineneratu, lizimva maganizo a eni mabizinesi, ndiponso liziwapatsa nthawi yokonzekera.

Chachitatu, pakhale zinthu zoyambira: magetsi, intaneti yotsika mtengo ndi chitupa. Mu 2019, madzi atachepa m'damu la Kariba, madera ambiri a Harare ankakhala maola 18 pa tsiku opanda magetsi. Kampani yaikulu imagula jenereta kapena sola. Mnyamata wa m'chipinda chimodzi cha lendi amangodikira. Pa nkhani ya intaneti, mpikisano ndi umene umatsitsa mitengo, choncho boma linachita bwino kulola Starlink mu 2024. Za chitupa nazo, malamulo oyendetsera dziko a 2013 anakonza zambiri. Anavomereza kuti munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanasindikizidwe, kholo lake lili nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala m'dzikomo pa nthawiyo, ndi nzika yobadwa. Anavomerezanso Chichewa kukhala chimodzi mwa zilankhulo 16 za dziko. Koma lamulo lili pa pepala silithandiza ngati banja silikudziwa, kapena ngati likutopa ndi maulendo a kumaofesi. Kupereka zitupa mofulumira ndi njira imodzi yotsika mtengo kwambiri yothandizira mabizinesi atsopano, ngakhale anthu saiwerengera pa nkhani za tekinoloje.

Chachinayi, boma lizigula kwa ana ake. Kampani yongoyamba kumene imafuna kasitomala kuposa mphoto. Masukulu amafuna njira yosungira mbiri ya fizi. Zipatala zing'onozing'ono zimafuna njira yokumbutsira odwala tsiku lodzatenga mankhwala. Makhonsolo amafuna njira yotolera ndalama za pamsika popanda kusokonekera. Ntchito zoterezi zikaphatikizidwa mu tenda imodzi yaikulu, zimapita kwa makampani akuluakulu kapena akunja. Zikagawidwa m'zigawo zing'onozing'ono, achinyamata athu akhoza kupikisana nawo. Koma boma lizilipira pa nthawi yake, chifukwa kampani ya anthu atatu singadikire malipiro kwa chaka.

Mwina wina mwa inu anena kuti, "Koma boma lachitapo kale kanthu." N'zoona, ndipo tiyenera kuyamikira. Pansi pa ndondomeko ya Education 5.0, imene anaitsogolera a Amon Murwira ali nduna ya maphunziro apamwamba, anamanga malo oyeserera luso latsopano pa University of Zimbabwe, Harare Institute of Technology, NUST ku Bulawayo, ndi pa mayunivesite a ku Gweru ndi ku Chinhoyi. Vuto ndi lakuti malowa ali kuseri kwa mipanda ya mayunivesite. Mnyamata wokonza mafoni m'tauni, kapena wowotcherera zitsulo ku Siyaso ku Mbare, safikako. Luso silikhala ndi a digiri okha. Bwanji osatsegula malo ang'onoang'ono otere m'maholo a khonsolo ndi m'masukulu a m'makomboni, okhala ndi sola, intaneti ndi makompyuta ochepa, oti azitsegulidwa madzulo?

Wina anenanso kuti, "Kodi ndiye kuti boma lingosiya aliyense azichita zofuna zake?" Iyayi. Pali akuba amene amabera anthu pafoni, makamaka okalamba ndi osadziwa kuwerenga, ngati ophunzira anga. Boma linanena kuti linaimitsa ma ejenti aja chifukwa ena ankagwiritsidwa ntchito posintha ndalama mozemba malamulo. Msonkho nawo ndi wofunika. Chipatala chachikulu cha Sally Mugabe, chimene chili konkuno ku Southerton, sichingayende popanda ndalama za msonkho. Chimene ndikunena ndi chakuti malamulo azilanga wolakwa popanda kupha ntchito ya wosalakwa. Ku Kenya, M-Pesa itayamba mu 2007, kunalibe lamulo lenileni la ndalama za pafoni. Banki yaikulu ya dzikolo inailola kuyamba uku ikuyang'anira mosamala, ndipo lamulo linabwera pambuyo, mu 2011, ataona m'mene zinthu zikuyendera. Dziko la Tunisia mu 2018 linakhazikitsa lamulo lapadera la makampani ongoyamba kumene, lowachepetsera msonkho, ndiponso lolola wogwira ntchito kutenga tchuthi cha chaka kuti akayese bizinesi, zikakanika n'kubwerera pa ntchito yake. Nigeria inakhazikitsa lamulo lake mu 2022. Maiko athu kuno kummwera akhoza kuphunzirapo, osati mongokopera, koma posankha zogwirizana ndi ife.

Nanga inu aphunzitsi, mbali yanu ndi iti? Paja akuluakulu anati mmera mpoyamba. Palibe mwana angalembe pulogalamu ya kompyuta ngati satha kuwerenga ndime n'kuimvetsa, kapena ngati amaopa masamu. Palibenso pulogalamu ingagulidwe ngati anthu ake satha kuwerenga uthenga wa pafoni. Ndalama zimene boma limaika ku sukulu za pulayimale ndi ku maphunziro a akuluakulu ndi mpamba woyambirira wa makampani a tekinoloje. Chinanso, inu ndi amene mumayamba kudziwa mwana amene alibe kalata ya kubadwa. Musadikire nthawi ya mayeso. Itanani makolo, afotokozereni ufulu wawo, athandizeni kulemba mafomu. Ndipo phungu kapena khansala akabwera pasukulu panu kudzapereka makompyuta, muthokozeni, kenako mumufunse mwaulemu za magetsi, za intaneti ndi za amene adzawakonze akawonongeka.

Mayi aja anabwerera ku kope lawo la zopereka, ndipo tsopano amalemba okha. Mdzukulu wawo amawatumizira ndalama mwezi ndi mwezi, koma luso lake likutumikira dziko la eni.

Zoti mukambirane ndi anzanu:

1. M'dera lanu, ndi vuto liti limene wachinyamata angalithetse pogwiritsa ntchito foni ya m'manja?
2. Mwa mbali zinayi zimene zafotokozedwa pamwambapa, ndi iti imene ikusowa kwambiri m'dziko lanu? Perekani zifukwa.
3. Kodi m'kalasi mwanu muli ana angati opanda kalata ya kubadwa? Muchitapo chiyani teremu ino?