Ichi chakoma, ichi chakoma: za mindandanda ya zimbale zopambana

Mwezi wa Disembala ukangolowa, nyuzipepala ndi mawayilesi amayamba kutiuza zimbale khumi zomwe akuti zapambana m'chaka. Nawonso a Spotify, kuyambira mu 2016, amatumizira munthu aliyense chiwerengero cha nyimbo zomwe wamvera, ndipo ife timathamangira kuonetsa anzathu ngati satifiketi ya mayeso. Sabata ino tikufuna kutsutsa poyera ulemu womwe tikupereka kwa mindandanda imeneyi.

Tiyambe ndi kawerengedwe kake. Ku Spotify, nyimbo ikangolira masekondi 30 imawerengedwa kuti yamveredwa. Makinawo sadziwa ngati munali tcheru kapena mumatsuka mbale. Sadziwanso nyimbo zomwe timapatsana pa memori khadi, zolira m'minibasi, kapena zomwe kwaya imaimba pamaliro usiku wonse. Mindandanda ya m'magazini akuluakulu nayonso imatuluka kumayambiriro kwa Disembala chaka chisanathe, ndipo olemba ake amasankha pakati pa zimbale zomwe zinawafika m'manja. Woimba wosowa womuitanira malonda amakhala atagonja mpikisano usanayambe.

Taonani zomwe zinachitika mu Disembala 2015. Chimbale cha I Have No Everything Here, choimbidwa ndi akaidi ndi asilikali a ndende ya Zomba ndipo chojambulidwa ndi Ian Brennan, chinasankhidwa kukapikisana pa mphoto za Grammy ku America. Mphotoyo inapita kwa Angélique Kidjo mu 2016, koma tonse tinanyadira. Funso nali: ndi angati mwa ife amene anali atachimvera azungu asanachitchule? Chimodzimodzi agogo athu a Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930. Anaimba ndi gitala lawo kwa zaka zambirimbiri ife tikuwadutsa. Patience Namadingo atajambula nawo mu 2020, ndipo nyimbo ya Linny Hoo itafala pa TikTok mu 2021, m'pamene tinayamba kuwaombera m'manja.  Ife ndi amene tinadikira kuti ena atiuze kuti ndi yokoma.

Wina ayankha kuti, “Ine mndandanda sunditsogolera, ndimamvera chilichonse.” Mawuwa tawamva kambirimbiri, ndipo tikuwakayikira. Mukatenga foni ya wolankhulayo mupezamo amapiano a ku South Africa, afrobeats ya ku Nigeria ndi hip hop ya ku America, zonse zotuluka m'miyezi yomweyi, zonse zovinika mofanana. Mumuikire banjo ya Allan Namoko, akuti ndi zachimidzi. Mumuikire Zani Muwone ya Wambali Mkandawire, akuti ikuchedwa. Kodi chimenechi ndiye chilichonse? Uku n'kudya ndiwo imodzi m'mbale zitatu. Komanso amene amalumpha nyimbo isanafike pakati sanamvere kanthu. Akuluakulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Musatimve molakwa. Sitikunena kuti mutseke makutu ku nyimbo zakunja, ndipo sitigwirizana ndi iwo amene amati Mkhristu azimvera kwaya yokha. Alleluya Band, yomwe inabadwira pa parishi ya Balaka mu 1978, inasakaniza rege ndi mayimbidwe akwathu, ndipo m'menemo munakulira a Paul Banda ndi malemu Lucius Banda, amene anatisiya mu June 2024. Evison Matafale anatenga rege wa ku Jamaica n'kumuyankhulitsa Chichewa cha ku Chileka pa chimbale cha Kuimba 1. Anthu amenewa anamvera za kutali, koma anazitafuna kaye mpaka zinasanduka zawo. Kukonda nyimbo zamitundumitundu kotereku kumafuna kudekha, ndipo kumabala zipatso.

Pali chimene chingatayike tikapitiriza chonchi. Woimba wachinyamata akaona kuti timangotsata manambala, adzaleka kupeka nyimbo za mawu ozama n'kuyamba kukonza kachidutswa kovinika ka masekondi ochepa. Akwaya athu omwe adzayamba kupeka ndi diso pa foni. Ndipo munthu amene wazolowera kufunsa gulu kuti chokoma n'chiti, mawa adzafunsa gulu lomwelo kuti choona n'chiti. Chikumbumtima chimaphunzira kapena kuiwala kusankha pa zinthu zazing'ono ngati zimenezi.

Tsono tikupempha ntchito imodzi chaka chisanathe. Aliyense alembe yekha zimbale zitatu zomwe wazimvera kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, ndipo pa chilichonse alembe chifukwa chake. Chimodzi chikhale chakale kuposa iye mwini. Kafunseni bambo kapena agogo anu, mwina makaseti akadali m'katoni pansi pa bedi. Tikakumana Lamulungu Misa itatha, tibwere ndi mapepalawo, titsutsane mwaulemu. Amene alephere kupeza zitatu asachite manyazi, abwere adzabwereke.

Ambuye akudalitseni m'nyengo ino ya Adiventi.