Ukhansala si ntchito yonyozeka: nkhani ya Michael Sata

Pepani ndakhala chete kwa masabata angapo. Mukudziwa kale mmene zimakhalira nthawi yochonga mayeso.

Loweruka lapitali ndinakumana ndi mmodzi mwa anyamata amene ndinawaphunzitsa Hisitole ku Fomu 4. Tinakumana pa msika wa pa Ndunde, ine ndikugula tomato, iye akutsika m'galimoto yooneka bwino ndithu. Dzina lake sinditchula. Ali ndi bizinesi yake ku Limbe ndipo zikumuyendera. Titapatsana moni anandikokera pambali n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mundilangize. Anthu akundiuza kuti ndidzaime pa chisankho chikubwerachi." Ine ndinamufunsa kuti, "Udzaima ngati khansala?" Mnyamatayo anaseka mpaka kugwira bondo. "Aaa, aphunzitsi, mukundinyoza. Ine ukhansala? Ndizikalimbana ndi zimbudzi za mumsika? Ine ndikufuna uphungu basi."

Pamsika si pophunzitsira munthu, ndiye ndinangomuuza kuti ndimuyankha bwino. Yankho lake ndi limeneli. Ndalilemba poyera chifukwa si iye yekha amene amaganiza chonchi. Ambiri mwa ife timaona ngati ndale zenizeni zimayambira ku Nyumba ya Malamulo, ndipo khonsolo ndi ya anthu amene alephera kwina. Ine ndikutsutsa, ndipo mboni yanga ndi munthu wa kwa aneba athu ku Zambia, malemu Michael Sata.

Ambiri mumamukumbukira ngati pulezidenti wolusa pakamwa uja ankamutcha King Cobra. Koma Sata, amene anabadwa mu 1937 ku Mpika, sanayambire pamwamba. Anagwirapo ntchito ya upolisi, anagwirapo ntchito ku njanji, ndipo analowa m'mabungwe a anthu apantchito. Mu ndale anayambira pa ukhansala mu mzinda wa Lusaka, kenako anakhala phungu wa dera la Kabwata. Mu 1985 Kenneth Kaunda anamusankha kukhala gavanala wa Lusaka, ndipo anakhala pa mpandowo mpaka 1988.

Apa ndifotokozeko pang'ono, poti uphunzitsi sutha. Nthawi imeneyo Zambia inali pansi pa chipani chimodzi cha UNIP. Kaunda ankatsata mfundo zimene ankazitcha Humanism, zomwe zinali sosholizimu wovala zovala za kuno kwathu: boma linatenga magawo 51 pa 100 a migodi ya kopa, linkaika mitengo ya ufa, ndipo linkati chuma cha dziko chizitumikira munthu wamba. Lamulo la 1980 linaphatikiza chipani ndi makhonsolo. Udindo wa meya unachotsedwa, ndipo m'malo mwake munabwera gavanala, amene ankatsogolera khonsolo komanso chipani m'boma lonselo. Ndiye Sata anali mfumu ya mzinda ndi mkulu wa chipani nthawi imodzi.

Zaka zimenezo zinali zowawa. Mtengo wa kopa unali utagwa, ngongole zinali zitakwera, ndipo mu December 1986 anthu anachita zipolowe ku Copperbelt chifukwa cha kukwera mtengo kwa ufa. Gavanala aliyense anali ndi chowiringula chokwanira chongokhalira mu ofesi n'kumati ndalama palibe. Sata sanatero. Anadziwika ndi kuchotsa zinyalala m'misewu, kukwirira maenje a m'misewu ndi kumanga milatho. Sankadikira malipoti. Ankapita yekha pamalo pantchito, n'kukalipira aliyense amene wamupeza atakhala pansi. Anthu a mu Lusaka anaona ndi maso awo kuti pali munthu amene akanena chinthu chimachitika.

Mbiri imeneyi ndi imene inamudyetsa moyo wake wonse. Taonani mmene zinayendera. Atachoka ku UNIP analowa MMD ya Frederick Chiluba, imene inapambana mu 1991, ndipo anakhalapo nduna ya maboma aang'ono, ya zantchito komanso ya zaumoyo. Mu 2001 Chiluba atasankha Levy Mwanawasa kuti adzamulowe m'malo, Sata anakwiya n'kuyambitsa chipani chake cha Patriotic Front. Pa chisankho cha chaka chimenecho anapeza mavoti pafupifupi 3 okha pa 100 alionse. Munthu wina akanabwerera kumudzi kukalima chinangwa. Iye anaimanso mu 2006 n'kugonja kwa Mwanawasa. Anaimanso mu 2008 n'kugonja kwa Rupiah Banda ndi mavoti ochepa kwambiri. Pa 20 September 2011, ulendo wachinayi, anapambana ndi mavoti pafupifupi 42 pa 100.

Mavoti ake ambiri ankachokera kuti? Kuwonjezera pa kwawo kumpoto, ankachokera m'makomboni a mu Lusaka ndi m'matauni a ku Copperbelt, kwa ogulitsa mumsika, oyendetsa minibasi, ogwira ntchito m'migodi ndi achinyamata osowa ntchito. Amenewa ndi anthu amene ngalande ikatsekeka madzi amalowa m'nyumba mwawo. Uthenga wake unali wa sosholizimu wosavuta kumva: misonkho itsike, ntchito zichuluke, ndalama zilowe m'matumba a anthu wamba, ndipo obwera kudzakumba miyala yathu azilemekeza antchito. Andale ambiri amanena mawu ngati omwewa. Kusiyana kwake kunali koti Sata akalankhula, agogo a ku Kabwata ankatha kuuza adzukulu awo kuti munthu ameneyu tinamuonapo akugwira ntchito. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Msewu umene unakonzedwa mu 1986 unali kumuchitirabe kampeni mu 2011.

Ife Amalawi tili ndi chifukwa chathu chomukumbukirira. Mu March 2007 Sata anatera pa bwalo la ndege la Chileka kudzacheza ndi Bakili Muluzi. Boma la Bingu wa Mutharika linamukaniza kulowa, ndipo anamukweza galimoto mpaka kukamutula pa chipata cha ku Mchinji. Ndikukumbuka tikuwerenga nkhaniyi m'nyuzipepala mu ofesi ya aphunzitsi, ine ndidakali wachinyamata pantchito, ena akuseka kuti mkulu ameneyu sadzalamula dziko. Patangotha zaka zinayi anali pulezidenti, ndipo anakana kubwera ku msonkhano wa COMESA ku Lilongwe mu October 2011, natumiza wachiwiri wake Guy Scott. Koma Bingu atamwalira mu April 2012, ife tikugona pa mizere ya mafuta, Sata yemweyo anatitumizira mafuta kuti maliro ayende bwino. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Tsopano wina anena kuti aphunzitsi agwa m'chikondi ndi Sata. Ayi. Mbali yachiwiri ya nkhaniyi ndi yofunika kuposa yoyamba, ndipo mwana wanga wa ku Limbe uja aimvetsetse.

Choyamba, munthu ameneyu mfundo zake zinkasintha ndi mphepo. Anatumikira chipani chimodzi cha Kaunda. Kenako anakhala nduna m'boma la Chiluba limene linagulitsa makampani a boma ndi migodi, zinthu zosemphana kotheratu ndi sosholizimu. Mu 2001, ali mlembi wamkulu wa MMD, anali patsogolo pa anthu ofuna kuti Chiluba alamulire kachitatu mophwanya malire a malamulo. Ife tikudziwa kuwawa kwa nkhani imeneyi, poti nafenso tinailimbana mu 2002. Pa kampeni ya 2006 ankadzudzula kwambiri makampani a ku China, koma atalowa m'boma anagwirizana nawo bwinobwino.

Chachiwiri, khalidwe lomwe linamuthandiza ku khonsolo linamupweteka ku nyumba ya boma. Mzinda ungathe kuuyendetsa pokalipira anthu pa msewu. Dziko silitero. Analonjeza malamulo atsopano oyendetsera dziko m'masiku 90, koma mpaka anamwalira asanawapereke. Nduna ankazisintha ngati malaya. Otsutsa boma ankaletsedwa misonkhano pogwiritsa ntchito lamulo lakale lomwe iye mwini ankalidandaula ali kotsutsa. Mu 2013 boma lake, la munthu amene anachokera m'mabungwe a antchito, linachotsa ntchito anamwino mazanamazana chifukwa chonyanyala. Chaka chomwecho linachotsa thandizo limene linkatsitsa mtengo wa mafuta.

Zabwino anachita, tisamunamizire. Anakweza malipiro otsikitsitsa a antchito mu 2012, anakweza malipiro a ogwira ntchito m'boma, ndipo anayambitsa ntchito yaikulu ya misewu yotchedwa Link Zambia 8000. Koma ndalama zake zinali zokongola. Mu 2012 Zambia inakongola madola 750 miliyoni a ku America pa misika ya kunja, mu 2014 inakongolanso madola 1 biliyoni. Amene anamulowa m'malo, Edgar Lungu, anawonjezera ngongole zina zambiri, ndipo mu November 2020 dziko linalephera kubweza. Mlandu wonse si wa Sata, koma khomo analitsegula ndi iye. Atamwalira ku London pa 28 October 2014, chipani chake chinagawanika polimbirana mpando maliro asanaiwalike, chifukwa chipanicho chinali iye ndipo iye anali chipanicho. Mu 2021 chinachoka m'boma. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale mutuwo ukhale wolimba bwanji.

Ndiye phunziro langa lili pawiri. Ntchito yaing'ono yooneka ndi maso ndiyo imamangira munthu mbiri yokhalitsa. Koma khonsolo si pongoonetsera mphamvu. Ndi sukulu yophunzirirako zinthu zimene Sata sanazikonde: kukhala pa msonkhano mpaka kutha, kumvera amene akukutsutsa, kuwerenga bajeti mzere ndi mzere, kufunsa kuti ndalama za msonkho wa mumsika zapita kuti, ndi kusiya dongosolo loti lipitirire iwe utachoka.

Vuto lathu kuno n'loti sukulu imeneyi tinaitseka tokha kwa nthawi yaitali. Chibwerere ndale za zipani zambiri, makhansala tinawasankha koyamba mu November 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala zaka zisanu ndi zinayi lopanda khansala ndi mmodzi yemwe, mpaka chisankho cha May 2014. Mwana amene anali Sitandade 1 mu 2005 anafika ku sekondale asanaonepo khansala. Tingadabwe bwanji kuti lero akuona ngati ukhansala ndi masewera? M'zaka zimenezo ntchito za khansala zinagwera phungu. Tinazolowera kupempha phungu mjigo, mlatho, bokosi la maliro ndi fizi ya mwana, ndipo tinaiwala kuti ntchito yake yeniyeni ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza boma. Mu 2010 lamulo linasinthidwa kuti aphungu azivota nawo m'makhonsolo. Ngakhale mafumu a mizinda yathu ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba sitiwasankha ndife, amasankhana okha makhansala. Ku Zambia, kuyambira 2016, meya amasankhidwa ndi anthu onse a mumzinda. Ine ndikuona kuti anzathuwa anachita bwino, chifukwa munthu amaopa amene anamuika pampando.

Ndikudziwa zimene mwana wanga uja anganene. Anganene kuti khansala alibe ndalama, alibe galimoto, ndipo ulemu wake ndi wochepa poyerekeza ndi phungu. N'zoona, ndipo sindikubisa. Koma taganiza zimene zimadutsa pa tebulo la khonsolo: misika, misewu ya m'midzi, sukulu za pulayimale, zipatala zing'onozing'ono, ukhondo. Zimbudzi za mumsika zimene unaziseka zija ndizo zimaima pakati pa ana athu ndi kolera. Amene tinaona mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sitingaseke nkhani ya chimbudzi. Ngati munthu sangathe kulondola ndalama za matikiti a mumsika umodzi, adzalondola bwanji bajeti ya dziko lonse?

Kwa inu aphunzitsi anzanga, mlandu wina ndi wathu. Tikamaphunzitsa za boma timathera nthawi pa pulezidenti, nduna ndi aphungu, za khonsolo timangodutsa chifukwa sizibwera kawirikawiri pa mayeso. Sabata ino ndinafunsa ana a Fomu 3 kuti atchule dzina la khansala wa wodi yawo. Manja amene anakwera ndinawawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Yesani m'kalasi mwanu muone. Kuno ku Chiradzulu timanyadira John Chilembwe, ndipo timathamangira kukamba za nkhondo ya 1915. Timaiwala kuti zaka 15 zisanafike zimenezo anazithera pa Mbombwe akumanga sukulu ndi tchalitchi, njerwa imodzi imodzi.

Kwa iwe mwana wanga, sindikukuletsa uphungu. Ndiwe wamkulu tsopano, ndipo ndalama ndi zako. Koma ukanandimvera, ukanayamba ndi wodi imodzi. Ugwire zaka zisanu. Tione ngati ungakonze ngalande popanda kulemba dzina lako pa chikwangwani chachikulu kuposa ngalandeyo. Tione ngati ungatsutsidwe pa msonkhano osakwiya. Utengere Sata kulimbikira kwake ndi kusanyansidwa ndi zinyalala, koma umusiyire yekha mtima woti zonse ndi ine. Ukadzatero, voti yanga udzaipeza, ndipo sudzafunika kundigulira ngakhale botolo la Fanta.

Amene muli ndi maganizo osiyana ndi angawa, makamaka inu amene munakhalako ku Zambia, lembani tikambirane. Ine ndabwerera ku mapepala anga.