Musagule sipeya musanagwedeze tayala

Malume anandisiyira Peugeot 504 yawo. Ikangofika pa 90 km pa ola, chiwongolero chinkanjenjemera mpaka manja kuchita dzanzi. Makaniko wina, osayang'ana n'komwe kunsi, anati ndigule mashokabu atsopano. Ndalama ya lendi ya semesita yonse imeneyo! Ndinakana.

Ine ndimati galimoto yakale muziifufuza kaye musanatulutse ndalama. Kunjenjemera kobwera pa liwiro limodzi, n'kuchepa mukaonjezera moto, nthawi zambiri ndi matayala osachita balansi kapena limu yopindika. Koma chiwongolero chikamasewera galimoto ili chiimire, imeneyo ndi nthenda ina. Ikwezeni pa jeke, mugwire tayala lakutsogolo uku ndi uku n'kuligwedeza. Likagwedera, onani ma tie rod end. Kenako gwirani pamwamba ndi pansi: likagwederanso, ndi bering'i kapena ball joint.

Yanga inapezeka ndi tie rod end imodzi yakutha komanso matayala ofuna balansi, basi.

Anzanga amati mwana wasukulu asamatsutsane ndi amisiri. Sindikuwanyoza ayi, koma azindionetsa chimene chikugwedera. Ndikanangomvera, bwenzi ndili pa M1 ndi mashokabu atsopano, tie rod ikudikira kuguluka.