Mapanga Awiri Avumbwitsa

Dera la Kameza, pomwe msewu wa ku bwalo la ndege la Chileka umapatukira kuchoka mu msewu wa M1, ladzaza nyumba zatsopano. M'madera otere eni nyumba amasonkha ndalama kuti akonze kamsewu kawo, akumbe ngalande, aike kalavati kapena alembe alonda a usiku. Amasankha komiti, ndipo komitiyo ndiyo imasankha mmisiri. Mkangano umabadwira pamenepa, pakuti wapampando amakhala ndi mlamu wake womanga, msungichuma naye amakhala ndi lole yonyamula mchenga ndi kwale.

Makolo anati mapanga awiri avumbwitsa. Munthu wa m'komiti ali ndi udindo wosamala ndalama za anzake. Akakhalanso ndi phindu pa ntchito imene ndalamazo zikukalipira, mtima wake umagawika. Sikuti munthu wotere ndi wakuba ayi. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ngakhale munthu wolungama amaona mtengo wa mbale wake ngati woyenera pomwe wa mlendo akuuyesa wokwera.

Choopsa chachikulu chimadza ntchito ikaonongeka. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ngalande ikagumuka ndi mvula yoyamba, ndani angalimbe mtima kuuza wapampando kuti mlamu wake abweze ndalama? Anthu amangong'ung'udzira kuseri, chaka chotsatira n'kukana kusonkha, kamsewu n'kusanduka chigwembe. Namondwe wa Freddy, amene anapha anthu ambiri ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre mu Marichi 2023, anakumbutsa mzinda wonse kuti njira ya madzi si nkhani yochitira chibwana.

Mwambo wa ukwati uli ndi phunziro pa nkhaniyi. Pa chinkhoswe pamakhala nkhoswe ya kuchimuna ndi nkhoswe ya kuchikazi, ndipo aliyense amadziwika mbali imene waimira. Sizimveka kuti munthu mmodzi aimire mabanja onse awiri. Ulemu wa nkhoswe umachokera pa kudziwika kwa mbali yake. Malamulo a dziko anatsata nzeru yomweyi. Lamulo la 1995 linakhazikitsa bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB, ndipo lamulo la 2017 la kagulidwe ka katundu wa boma linalamula wogwira ntchito m'boma kuti aulule ngati ali ndi phindu pa malondawo, asakhale nawo pa chigamulo. Lamulo la 2017 linali la ndalama za boma, koma komiti ya eni nyumba ikhoza kubwereka nzeru yake.

Njira yake si yovuta. Ntchito ilengezedwe kwa onse osonkha. Amisiri osachepera atatu alembe mitengo yawo papepala, ndipo mapepalawo atsegulidwe pamsonkhano. Zisanatero, aliyense wa m'komiti anene ngati pakati pa amisiriwo pali mbale wake, mnzake wa bizinesi kapena munthu amene ali naye ngongole. Wonenayo atuluke panja mpaka anzake atagamula, ndipo mlembi alembe m'buku kuti anatuluka. Malipiro aperekedwe m'zigawo, gawo lililonse ntchito itayenderedwa. Osainira ndalama asakhale a banja limodzi, ndipo malisiti awerengedwe pamaso pa anthu.

Ena amati mbale wa wapampando akhoza kukhala mmisiri waluso ndi wotchipa kuposa onse, ndiye kumkaniza n'kudzimana. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo palibe chifukwa chomkanizira. Apikisane ndi anzake, wapampando ali panja. Akapambana motero, palibe adzamnene kuti anadyera chibale, ndipo ngalande yake ikagumuka komiti idzamuitana ngati mmisiri wina aliyense.

Adzukulu amene lero akugula malo ku Kameza, Machinjiri ndi Chilomoni mawa adzasankhidwa m'makomiti. Tsiku limene mbale wawo adzabweretse pepala la mtengo, adzayambe okha kunena za chibalecho, asanafunsidwe, n'kutuluka mumsonkhano.